Nyumba Imene Inadikira Boma

Tazimitsani TV-yo, ana inu. Dalitso, ndati uzimitse, sindinati uchepetse mawu. Azibambo amenewo akhala akukangana chiyambire m'mawa kuti ndani akhale ndi ndani m'boma, ndipo ine agogo ako ndikukuuza kuti samaliza lero. Wati aphunzitsi anakutumani kuti mukafunse kunyumba tanthauzo la boma logwirizira? Ha! Wafika pa mwini wake. Khala apa. Nawenso Tiyamike, tula foniyo pansi, siithawa. Ndipo mukamandiyankha muyeseko Chichewa, Chingelezi chanu chothamanga chija chimandipweteketsa mutu.

Kwathu ku Malawi chisankho chimakhala ngati mpira. Wina wagoletsa, wina walira, pakangopita masiku ochepa wopambana uja walumbira pabwalo anthu akuvina, basi boma layamba. Kuno ku Ireland ayi. Kuno anthu amasankha aphungu okha, ndiye aphunguwo ndi amene amakasankha mtsogoleri mu Nyumba ya Malamulo. Zikachitika kuti palibe chipani chimene chapeza aphungu opitirira theka, onse amangoyang'anizana. Pamenepo akale aja, omwe anthu angowakana kumene, amauzidwa kuti tabagwirizirani mpaka atsopano agwirizane. Zili ngati munthu amene wamusiyira pakhomo iwe uli pa ulendo. Mbuzi akhoza kuzithamangitsa m'munda, koma kugulitsako imodzi sangathe. Zimenezo kawauze aphunzitsi ako, akupatsa mamalikisi. Zimene ndikuuzeni tsopanozi si za kusukulu.

Agogo anu aakazi, Nabanda, iwe Tiyamike sunawaone. Iwe Dalitso anakubereka kumbuyo uli kakhanda, koma nawenso sungakumbuke. Anali mkazi wamfupi, woyankhula pang'ono, wouma mutu kuposa chitsa cha mtsatsi wokalamba. Ine ndinakawakwatira kwawo, kumudzi wina kuseri kwa Mponela, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinakhala komweko pa chikamwini. Nyumba yathu yoyamba ndinamanga ndi manja awa, ya mdindo, denga la udzu. Inu simudziwa kufolera. Mumangodziwa kuti mvula ikagwa mumatseka zenera ndi kuyatsa hita. Denga la udzu limafuna mwamuna chaka ndi chaka, kukwera, kuzula wowola, kuika watsopano, kumanga ndi luzi. Mwamuna akachoka pakhomo, denga ndi limene limayamba kuulula.

Ine ndinachoka. Ndinali mphunzitsi wa pulayimale, imvi zitayamba kale, pamene ndinamva kuti ku Ireland munthu amatha kupita ngati wophunzira n'kumagwirako ntchito. Nthawi imeneyo Amalawi tinkabwera ambiri. Koleji imene ndinalembetsa inali zipinda zochepa pamwamba pa sitolo, ndipo tsiku lina tinangopeza chitseko chokhoma, eni ake athawa. Chilolezo changa chinatha ndili chiimire. Ndinatsala wopanda mapepala, kutsuka mapoto mu lesitilanti ina ku Rathmines, kugona ku Finglas m'kachipinda kamene tinkapanikizana amuna okhaokha ngati nsomba za m'chitini. Munthu wopanda mapepala kutuluka m'dziko muno amatuluka bwinobwino, palibe amugwire. Koma akatuluka, watuluka. Chitseko chimatsekeka kumbuyo kwake.

Mapoto amenewo ndi amene anaphunzitsa amayi anu unamwino ku Lilongwe. Ndiponso ndi amene anamanga nyumba ina pafupi ndi yakale ija, ya njerwa zootcha, ya malata, pansi pa simenti. Ankayang'anira ntchito ndi alamu anga a Levisoni, mchimwene wawo wa Nabanda. Inatenga zaka, chaka china maziko, chaka china mawindo, mpaka inatha, zitseko ndi maloko omwe. Ndinaimba foni ndili ndi chimwemwe.

"Amake Esinati, nyumba yatha. Samukani mvula isanayambe."

Esinati ndi amayi anu, ngati mwaiwala kuti nawonso ali ndi dzina.

Iwo anati, "Ndisamuke ndi ndani?"

"Anyamata a a Levisoni akuthandizani kunyamula katundu."

"Sindikunena katundu, a Phiri. Nyumba yatsopano salowa munthu mmodzi. Moto woyamba amakoleza eni ake onse awiri alipo. Mukudziwa zimenezi, musadzipusitse chifukwa muli kwa Azungu."

Ndinkadziwadi. Kwathu mwamuna ndi mkazi amalowa limodzi, amagonamo limodzi tsiku loyamba, kenako ndi pamene ena amaloledwa. Pali zinanso za akuluakulu pamenepo zimene sindingakuuzeni, ndipo iwe Dalitso usamwetulire, sukudziwa kanthu. Anthu ambiri anazisiya zimenezi, ngakhale a kutchalitchi kwawo ankawauza kuti ingopempherani mulowe. Koma Nabanda anati ayi. Ankasesa khonde la nyumba yatsopano m'mawa uliwonse, n'kubwerera kukagona m'yakale, momwe anali atatchera mabeseni pansi chifukwa cha kudontha. Ndipo chifuwa chinali chitawayamba kale.

Tsono nyengo yachisanu imeneyo kuno kunali chisankho. Mnzanga wina wa ku Zambia, ba Mwanza, dalaivala wa basi amene anali ndi mapepala ake onse, anabwera ku Finglas ndi Mzungu wina wamtali ngati mlongoti. Ife tinangomutcha Chimtali. Atagogoda ndinathawira kubafa, ndimayesa ndi a boma oona zolowa ndi kutuluka m'dziko. Musaseke! Kwathu wofuna uphungu amabwera ndi mdipiti wa magalimoto, fumbi koboo, amayi atavala nsalu za nkhope yake. Kuno amayenda wapansi pamvula, kugogoda khomo ndi khomo ngati wogulitsa tomato. Ndikanadziwa bwanji?

Chimtali analibe chipani, ankaima payekha. Anakhala pa bedi langa, maondo ake pafupifupi kugunda chibwano, n'kumvetsera nkhani yanga yonse mpaka ya mabeseni. Kenako anati anthu amene anabwera ngati ophunzira, nakhala zaka akugwira ntchito osalakwira munthu, ayenera kupatsidwa chilolezo, ndipo akangolowa mu Nyumba ya Malamulo nduna yoona zimenezi sidzapuma. Sindikuganiza kuti ankanama. Mpaka lero sindimutukwana munthu uja.

Ine kuvota sindikanatha, poti sindinali nzika. Koma makwerero ndinkatha kukwera. Zithunzi zija mumaziona pa mapolo a magetsi nthawi ya chisankho mumayesa zimamera zokha? Timakoloweka ndife. Ba Mwanza ankagwira makwerero pansi, ine pamwamba, mphepo ya ku Finglas ikundikankha uku ndi uku, zala zitafa ndi chisanu osamva n'komwe kuti ndagwira chiyani. Munthu wamkulu ndi imvi zanga, amene ndinalephera kukafolera denga la mkazi wanga, ndinali pamwamba pa polo kumangirira nkhope ya Mzungu.

Mavoti kuno amawerenga ndi manja, mu holo yaikulu, pang'onopang'ono ngati akusankha nyemba. Tinapita kukaonerera. Dzina la Chimtali litatchulidwa kuti wadutsa, anthu ake anamunyamula pa mapewa, kumuponya m'mwamba, kukuwa. Apa ndi pamene ndinasokonezeka, ana inu. Kwathu munthu akanyamulidwa pa mapewa ndiye kuti zatha, walongedwa, mawa ayamba kuweruza. Ndinatuluka panja misozi ili m'maso, ndinaimba foni.

"Amake Esinati, tapambana! Mundisungire mondokwa. Pasaka tidyera limodzi m'nyumba mwathu."

Anatsokomola kaye nthawi yaitali. Kenako anati, "Chabwino, a Phiri. Ndimva kugogoda."

Ba Mwanza anandipeza panjapo ndikupukuta m'maso. "Mudala," anatero m'Chinyanja chawo chija, "manje mwauza chani amai? Linda madzi apite. Uyu wawina chabe mpando umodzi, boma ikalibe."

Ndinawayankha mwamwano kuti a ku Zambia mumakonda kuzizilitsa zinthu.

Zipani ziwiri zimene zinkalamulira limodzi zinali zitataya aphungu ambiri, moti sizinkafikanso theka. Otsutsa nawonso sankafika. Aphungu anakumana kuti asankhe mtsogoleri, aliyense amene watchulidwa akukanidwa. Mtsogoleri wakale anatula pansi udindo, koma mawa lake anali mu ofesi momwemo, akugwirizira. Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri, panali nduna zina zimene anthu akwawo anazikana ngakhale uphungu weniweniwo, koma zinali zikadali nduna, galimoto ndi dalaivala zomwe. Munthu wagwa chisankho, ali pa mpando. Wathu wapambana, ali m'khonde.

Chimtali ankaonana ndi anthu Loweruka lililonse m'kachipinda ka kuseri kwa bala ina. Ndinkapita, kukhala pa mzere ndi azimayi odandaula za nyumba ndi nkhalamba zodikira opaleshoni ya chiuno. Nthawi yanga ikakwana ankandigwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Bambo Phiri, panopa palibe woti ndimufunse. Nduna ilipo, koma singayambitse chinthu chatsopano. Dikirani boma lipangidwe. Zokambirana zikuyenda bwino, mwina sabata yamawa."

Sabata yamawa! Mawu amenewo ndimadana nawo kufikira lero. Akanandiuza kuti bambo iwalani, zitenga zaka, ndikananyamula chikwama changa n'kupita. Koma boma logwirizira silikuuza kuti ayi. Silikuuzanso kuti inde. Limangokuuza kuti mwini wake watsala pang'ono kufika. Pa wayilesi kukhitchini tinkamva kuti akumana, mawa lake akwiyitsana, mkuja akumananso ku hotela ina. Ankakangana za ndalama zolipirira madzi, ine manja ali m'madzi a mapoto, mkazi wanga madzi akumudonthera pa mphasa. Ndinkatukwana wayilesi m'Chichewa mpaka wophika wamkulu anandifunsa ngati ndikupemphera.

Chaka chimenecho mvula kwathu inachedwa kuyamba, ndiye inakagwa kumapeto mwaukali. Denga lakale linagonja mbali imodzi. Amayi anu ananyamuka ku Lilongwe, iwe Dalitso uli kumbuyo, kukawachonderera. Anawagulira mankhwala, anawatengera kuchipatala, adokotala ananena poyera kuti chifuwa chotere sichifuna chinyontho. Amayi anu anagwada pansi, namwino wathunthu, akulira. Anandiimbira ali pomwepo kuti ndiyankhule nawo ndekha.

"Amake Esinati, ndakupemphani, lowani. Ndine mwini nyumba, ndakulolani. Mwambo tidzakonza ndikabwera."

"Mwambo sakonza pambuyo, a Phiri. Munati Pasaka."

"Pasaka yapita, mayi. Boma silinapangidwe."

"Nanga amene akulamulira kumeneko ndani?"

"Akale omwe aja. Akungogwirizira."

Ndinamva mpweya wawo ukulira ngati chitseko. Kenako anati, "Inenso ndikugwirizira. Mondokwa wauma, koma ndakusungirani chibwente cha maungu. Fulumirani."

Anavomera chinthu chimodzi chokha, kukagona kwa a Levisoni mvula ikakula. Koma kukangocha ankabwerera kwawo, ati nyumba ya munthu siigona yokha masiku awiri.

Ba Mwanza anandipeza tsiku lina ndikudikira basi, anaimitsa basi yawo ngakhale sinali yanga. "Mudala, gulani tiketi muyende. Aba bantu sibazamvana manje manje."

Ndinati, "Ndikapita sindibwerera. Esinati sanamalize maphunziro ake owonjezera, mankhwala a amake agula ndani? Ndipo ndikangokwera ndege, mawa lake boma lipangidwa, anzanga onse alandira mapepala, ine ndili ku Mponela kuweta nkhuku."

"Nanga mufuna mapepala olo mufuna amai?"

Ndinangowakwezera dzanja, basi yawo inapita. Ndinkafuna zonse ziwiri, ndipo sabata iliyonse wayilesi inkandiuza kuti zonse ziwiri zili pafupi. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Mwambi umenewu ndinkaphunzitsa ana a sitandade faifi, kuwalembera pa bolodi ndi choko.

Tiyamike, ukufuna kufunsa ngati boma linadzapangidwa. Linapangidwa, mwana wanga, nanga likanalephera? Anagwirizana, boma lake laling'ono lomwelo losafika theka, loyendera ndodo ya otsutsa. Chimtali sanalowemo. Nkhani yathu inakakhala pansi pa mulu, ndipo mapepala amene ndili nawo lerowa anabwera patapita zaka, boma linanso litalowa. Amayi anu anali atabwera kale kudzagwira ntchito kuchipatala kuno, iwe utabadwa, tonse titasamukira ku Balbriggan kuno. Tsiku limene ndinalandira mapepalawo anzanga anavina. Ine ndinawaika m'thumba n'kupita kuntchito. Ndiye mukamandiona ndikutseka TV anthu akamakambirana za mgwirizano, musamati agogo sakonda ndale. Ndimazidziwa kuposa onse ali pa TV-po. Kwa iwo masabata amenewo ndi mpando ndi galimoto. Sadziwa kuti kunja kuno kuli anthu amene masabata omwewo ndi moyo wawo wonse wotsala.

Koma ndadumpha. Tibwerere.

Linali tsiku la pakati pa sabata, masana, lesitilanti itadzaza. Boma linali lisanapangidwebe. Foni inanjenjemera m'thumba la epuloni, ndinaona kuti ndi a Levisoni. Alamu anga sankaimba, ankangofulasha kuti ndiimbe ndine. Tsiku limenelo anaimba okha. Ndinatulukira khomo lakumbuyo, kumene kumakhala mabini a zinyalala.

"Alamu," anatero, "limbani mtima. Mlongo wanga watisiya m'mawa uno."

Sindikumbuka chimene ndinayankha. Ndikukumbuka kuti ndinakhala pa kireti ya mabotolo.

Anandisiya ndilire, kenako anati, "Alamu, pali nkhani. Anthu ayamba kusonkhana ndipo kukuwaza mvula. M'nyumba yakale simungagone maliro, denga mukulidziwa. Akuluakulu akuti tifunse inu. Titsegule yatsopano?"

Ana inu, zaka zonse zija za mapoto, njerwa iliyonse, lata lililonse, ndinkaona m'maganizo mwanga tsiku limene ine ndi Nabanda tidzaima pakhomo paja, iwo atanyamula nkhuni, ine machesi. Tsopano ankandifunsa ngati alowemo atanyamulidwa.

Ndinati, "Tsegulani. Koma alamu, ndapota nanu, musawanyamule kaye. Dulani ndiimbe ndine, ndipo mukamawanyamula muike foniyo pambali pawo. Anati salowa yekha."

A Levisoni sanandiseke, Mulungu awadalitse. Ndinaimba, anayankha, ndinamva akuuza azimayi kuti tapatukani, bambo a Esinati ali pano. Ndinamva nsalu ikukhudza foni. Azimayi a chigwirizano anayamba nyimbo chapansipansi, mapazi akuyenda m'matope, mvula ikugunda pa malata, malata anga amene ndinali ndisanawamvepo kulira kwake. Ndinaimirira. Ndinavula epuloni ndi kachipewa ka kukhitchini, poti munthu salowa m'nyumba yake yatsopano atavala za ukapolo. Kiyi analira m'loko, chitseko chinakana pang'ono chifukwa cha chinyontho, wina anachikankha ndi phewa.

Ndinati, "Amake Esinati, ndafika. Tiyeni tilowe."

Kenako phokoso linasintha, nyimbo inayamba kumveka ngati ya m'chipinda chopanda katundu, ndipo ndinadziwa kuti tili m'kati. Ndinakhala momwemo nawo, ndili chiimire pakati pa mabini ku Rathmines, mpaka mayunitsi anatha.